Amayi, Mkamwini ndi Mpando Umodzi

Bangula,
Nsanje.

Okondedwa Atsibweni a Hilario,

Ndayamba ndagwada kaye, monga mwana wa mlongo wanu. Mwadzuka bwanji ku Beira kumeneko, inu, akunyumba ndi ana onse? Bondo linkakuvutani lija linaleka? Ife kuno Mulungu akutisunga. Mdzukulu wanu Princess wayamba sukulu ya mkaka, pakamwa sipatseka ngati wailesi. Dzuwa la chaka chino ndiye musachite kufunsa, mbuzi zikulimbirana mthunzi ndi anthu.

Mudabwa kuti kalata masiku ano. Musadabwe ayi. Foni ndakuimbirani mpaka kutopa. Mauthenga a pa WhatsApp mumawerenga ndithu, timizere timasanduka tabuluu, koma yankho zii. Ndiye iyi ndapatsira a Gideon, adalaivala a lole yodutsa pa Marka aja, akupatseni pamanja ndipo asachoke mpaka mutaiwerenga. Pakamwa panga pakatentha mundikhululukire. Ukali ndinatengera kwanu komweko.

Nkhani ndi ya alongo anu, amayi anga a Agnesi. Adya chiyani, ndipo adya kwa yani. Nkhani ndi imeneyo basi.

Ntchito yawo mukuidziwa. Asisitere a kumishoni ndiwo anawaphunzitsa kutaipa, makompyuta akungofika kumene kuno kuchigwa. Chiyankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa Visual Basic anachita kudziphunzitsa okha ndi buku long'ambika chikuto. Ndi chimenecho anapangira bungwe la alimi a thonje pulogalamu yosunga mayina a alimi, mbewu, mankhwala ndi masikelo. Zaka zoposa makumi awiri ali pampando umenewo. Kuyambira ku Ngabu mpaka ku Marka anthu ankangoti Mayi Kompyuta. Bambo atamwalira, mpando womwewo ndi umene unatilera.

Chaka chino mvula itangodula, kunabwera anthu a ku Lilongwe otumidwa ndi amene amathandiza bungwelo. Anati zonse zisamukire pa intaneti, kuti alangizi a ku Tengani ndi kwa Malemia azingolemba pa foni ali kumunda konko. Anati pulogalamu yatsopano ikhala ya Python ndi JavaScript, ndipo woisamalira akhale wodziwa zimenezo. Mmodzi mwa iwo anachita kunena moseka kuti Visual Basic ya amayi ili ngati Chilatini cha kutchalitchi, cholemekezeka koma sugulira nacho mchere pamsika.

Amayi akuti anaseka nawo. Koma atafika kunyumba anakhala pakhonde nsapato zili kuphazi mpaka dzuwa kupendeka, osapempha ngakhale madzi.

Abwana a bungwelo, a Geresomo, si munthu woipa. Anawapatsa nthawi mpaka misika ya thonje itatsegulidwa kuti aphunzire Python, kenako adzayesedwe. Akakhoza, mpando ndi wawo. Akalephera, ndiye kwatha.

Musaganize kuti alongo anu anangopinda manja. Anafufuza ntchito kwina konse, m'nyuzipepala ndi pa foni, ine ndili pambali pawo. Mabanki a ku Blantyre akufuna Java. Mabungwe othandiza anthu akufuna Python. Timakampani ta achinyamata ku Lilongwe tikufuna JavaScript ndi ana ake ena amene mayina awo lilime langa likukana. Visual Basic, Atsibweni, sitinaione paliponse, ngakhale kumunsi kwenikweni kumene amalemba kuti zina ndi zina. Malo amodzi okha ndiwo anaimba foni. Anafunsa zaka zawo zakubadwa, n'kuti adzaimbanso. Mpaka lero akuimbabe.

Tsono imvani chipongwe cha dziko. Amuna anga, a Witness, bambo a Princess, Python yomweyo ndi imene anaphunzira ku koleji ku Blantyre. Koma chimalizireni sukulu ntchito sanaione. Kulikonse akuti tikufuna amene wagwirapo kale zaka zingapo. Nanga munthu agwirapo kale bwanji musanamulembe? Poyamba ankapeza timaganyu ta pa intaneti kwa azungu, koma chibwerereni makina anzeru aja amene amadzilembera okha mapulogalamu, timaganyu tija tinauma ngati chithaphwi. Ndiye ankangokonza mafoni pansi pa mtengo pamsika wa Bangula, digiri ili m'sutikesi.

Amayi zaka za ntchito ali nazo, chiyankhulo alibe. Amuna anga chiyankhulo ali nacho, zaka alibe. Olemba ntchito akufuna zonse ziwiri m'thupi limodzi.

Mukudziwanso kuti chigwetsereni nyumba yathu ku Makhanga namondwe wa Freddy uja, ife tikukhala pakhomo pa amayi, m'kanyumba kakuseri kaja. Ndiye kuti mphunzitsi ndi wophunzira anali pabwalo limodzi. Wina aliyense akanati vuto latha pamenepo.

Koma ndi apongozi, Atsibweni! Sayang'anana, sakhala mphasa imodzi, sadyerana. Akakumana panjira, wina amapatukira m'mapira. Ndipo chimene chikanathetsa zonsezi mukuchidziwa bwino inuyo: mwambo wolowetsa apongozi m'nyumba. Nkhuku, ufa, thobwa, ndi inu mlongo wawo kuwagwira dzanja n'kuwalowetsa pakhomo pa mkamwini kuti adye za mumphika mwake. Zimenezi zinayenera kuchitika Princess atangobadwa. Munati mubwera mvula ikatha. Mvula itatha munati pasipoti. Kenako munati msewu waduka. Mwana uja lero akutukwana m'Chisena ndi m'Chimang'anja momwe, inu simunabwerebe.

Mwina mukuti, mzimayi wophunzira, wa kompyuta, angaope zimenezo? Ngati mukutero ndiye kuti mwaiwala. Bambo atamwalira, akuchimuna anafuna kuti amayi achite za kulowa kufa, iwo anakana kwamtuwagalu. Inu munawaikira kumbuyo, zikomo. Koma chaka chisanathe mchimwene wanga Francis anadwala m'mimba n'kutisiya. Achipatala anati kolera. Akuchimuna anati ndi mwano wa Mayi Kompyuta. Ananena pamaliro pomwepo, bokosi lisanatuluke m'nyumba. Chichokereni tsiku limenelo amayi saphwanya mwambo ngakhale waung'ono ngati njere ya mchewere.

Ndinawachonderera. Ndinati amayi, ntchito ikupita, khalani nawo pansi apongozi anuwo akuphunzitseni, anthu alankhule atope. Anangoti nkhabe, sizitheka. Ndinakaitana akatekisiti, anadzawauza kuti palibe tchimo pamenepo. Amayi anayankha kuti tchimo sakuliopa. Anati anaika kale mwana mmodzi anthu akuwaloza chala, ndiye Princess akadzangotentha thupi mawa lake, adzathawira kuti? Ndinati nanga pa foni, azikutumizirani mawu? Anati mawu a mpongozi sangalowe m'khutu mwawo popanda wapakati, kaya adzera m'mphepo kaya m'waya.

Apa m'pamene ndinakuimbirani kwambiri paja. Mukukumbukira? Munati muli kudoko, muimbanso.

Ndiye wapakati ndinakhala ine. Geni yanga ya nsomba za makakana ndinaiimika. A Witness ankakhala m'nyumba kuseri kwa chitseko, amayi pansi pa mtengo wa nimu, ine ndikuyenda uku ndi uku ndi laputopu m'manja ngati mphika wotentha. Amuna anga amvekere, kawauze amayi kuti apa achite chakuti chifukwa cha chakuti. Ine wa sitandade eyiti, ndikamafika pamtengo theka latayikira m'njira. Amayi alembe, sikirini itulutse zofiira zosonyeza kuti palakwika, ndibwerere nayo. Chinthu choti munthu akanangoloza ndi chala n'kuti apa, chinkatidyera masana onse.

Kutentha kwa kuno nakonso sikunatichitire chisoni. Laputopu inkatentha n'kuzima yokha. Tinkaiika pachiguduli chonyowa, ine ndikuikupiza ndi lichero ngati mwana wamalungo. Ikazizira, magetsi athima. Magetsi akayaka, netiweki yathawa. Anthu odutsa pamsewu ankaima n'kumationerera. Ndinatukwanapo angapo, sindibisa.

Komabe amayi ankagwira, Atsibweni. Mutu uja ndi wakuthwa. A Witness anandiuza okha kuti akanangokhala nawo pambali mwezi umodzi, amayi akanawapitirira, chifukwa ntchitoyo amaidziwa kale, chachilendo ndi lilime lokha. Ananena zimenezi maso ali pachitseko. Mwezi umodzi wokha, mpando umodzi pambali pa unzake. Zimenezo n'zimene zinasowa.

Tsiku loyesedwa amayi anavala diresi yawo ya buluu ya kukwaya ija. A ku Lilongwe anawapatsa chochita. Anachita bwino mpaka pakati, kenako zofiira zija zinatuluka. Akuti anazizindikira ndithu kuti anazionapo kunyumba, koma mankhwala ake ndi amene sanawafike bwino. Anayesa uku, anayesa uku, nthawi n'kutha. Mmodzi wa alendowo anawagwira paphewa n'kuti mwayesetsa mayi. Mawu amenewo ndi amene anawapweteka kuposa onse.

Sabata yomweyo a Geresomo anapita pamsika ngati akukakonzetsa foni. Anawatengera a Witness pambali n'kuwauza kuti alendo aja avomera kulemba munthu wa konkuno wodziwa Python, ngakhale asanagwirepo ntchito, chifukwa wa ku Lilongwe sangapirire dzuwa la Nsanje. Anati mpandowo ndi wanu ngati mukuufuna.

Amuna anga anakana. Anati sangalande mbale m'manja mwa apongozi awo. A Geresomo anawauza kuti mbaleyo yachoka kale m'manjamo, funso ndi lakuti igwera pakhomo pomwepo kapena kwa eni ake ena. Anati achinyamata a Python osowa ntchito ali mbwee m'tauni, akangolengeza mawa, makalata adzaza dengu.

A Witness anabwera kunyumba n'kukakhala kuseri kwa khola la mbuzi. Atandiuza, ndinawalalatira. Ndinawatcha fisi. Ndinati munkaphunzitsa amayi anga ndi dzanja limodzi, linalo mukupukuta mpando wawo? Anangowerama. Ndikudziwa kuti ndinawalakwira, koma ukali unalibe kwina kopita. Ndipo ndili ndi pakati, Atsibweni, izinso simunazimve. Ndinayang'ana mimba yangayi, ndinayang'ana Princess, n'kuleka kulalata.

Uthenga umenewonso wonyamula ndinali ine ndemwe. Ndinawapeza amayi akupeta mapira. Ndinagwada patsogolo pawo. Iwo anati nena, ndamva kale kwa akazi a pamjigo. Nditanena, anapitiriza kupeta kanthawi. Kenako anati kawauze apongozi alandire, mpando ukatuluka pakhomo pano sudzabweranso. Atatero anandipempha ndiwapatsire dengu.

Ndinaganiza kuti zowawa zathera pamenepo. Ayi ndithu. Pulogalamu yakale ija palibe wina amene ankaidziwa m'kati mwake, ndiye bungwe linati amayi akhale mwezi umodzi mu ofesi ndi wolowa m'malo wawo, amulongosolere zonse asanasamutse. Mwezi umodzi womwe uja unasowa kuti iwo aphunzire, unapezeka kuti aphunzitse wowalanda malo.

Mukudziwa chimene anachita? Anatenga chitenje chawo, anamanga chingwe kuchokera pawindo mpaka pakabati, n'kuchipachika pakati pa madesiki awiri ndi manja awo. Iwo mbali iyi, a Witness mbali iyo.

Tsiku lina ndinawapititsira madzi akumwa, ndinaima pakhomo osalowa. Ndinamva amayi akulankhula ndi khoma. Amati, wina awauze apongozi kuti alimi ambiri a ku Tengani ali ndi mayina awiri, la Chipwitikizi ndi la kuno, asawawerenge kawiri. Kuseri kwa chitenje amuna anga anayankha kuti, wina awauze amayi kuti ndamva, takhuta, kuthokoza kwa Chisena kuja. Mu ofesimo munalibe wina aliyense, Atsibweni. Anali awiriwo basi. Panja alimi odzatenga mbewu ankasuzumira pawindo n'kumagwirana pakamwa. Ndinabwerera ndi madzi anga, ndinakalirira kuseri kwa sitolo.

Mwezi utatha amayi anapinda chitenje chawo, anasiya makiyi padesiki n'kubwera kunyumba wapansi. Kandalama kotsanzikira kanalowa m'mankhwala awo a shuga ndi m'malata a nyumba, kanatha. Munda wawo wa mapira dzuwa linawotcha, zimene ankapeta tsiku lija zinali zomaliza.

A Witness atalandira malipiro oyamba anagula thumba la chimanga, mafuta ndi sopo, n'kundituma ndikaike pakhomo pa amayi. Madzulo ake ndinapeza zonse zabwerera pakhomo pathu, thumba lili chimangire. Anati sangadye za mkamwini asanalowetsedwe m'nyumba mwake. Ndinayesa kunama kuti ndagula ndi za makakana anga. Anangondiyang'ana. Amadziwa kuti geni ija inafera pansi pa mtengo wa nimu. Ndikaphika n'kutumiza Princess ndi mbale, amamudyetsa mwanayo iwo akuonerera, mbale n'kubwerera yotsuka.

Ndiye onani mmene tikukhalira. Nyumba yakuseri muli chakudya, nyumba yakutsogolo mulibe. Pakati pake ndi mtunda woti nkhuku imadutsa osatambasula mapiko. Amuna anga nawonso chakudya sichikuwalowa. Popita kuntchito amadzera njira ya kukhola kuti amayi asawaone atavala malaya a ku ofesi.

Amayi sanasiye kufunafuna. M'mawa uliwonse amasamba, amavala bwinobwino, amakhala pakhonde ndi foni kuwerenga za ntchito. Python akupitirizabe okha, pang'onopang'ono, ndi mtima wawo wouma uja. Koma tsiku lina anandionetsa kuti tsopano pa Python pomwepo awonjezerapo zina, akufuna wodziwanso za makina anzeru aja ndi zosunga zinthu m'mitambo ya pa intaneti. Anaseka n'kuti chinthuchi chikuthamanga kuposa miyendo yawo. Sindinaseke nawo.

Aonda, Atsibweni. Munthu wa shuga sakhala ndi njala, inu mukudziwa. Chitenje chimene chinkawakwana bwino tsopano akuchita kuchizunguliza kawiri. Ndolo zawo anagulitsa, wailesi anagulitsa. Achibale a kutchalitchi anawathandizapo, koma chaka chino aliyense akulira yake.

Tsopano imvani chimene chandigwiritsa cholembera. Aneba athu a Esinala ndi azimayi anzawo amapita kudambo kukazula nyika. Mwakhalitsa m'tauni, mwina mwaiwala: timizu towawa ta pansi pa madzi tija, timene anthu amadya njala ikafika posauzana. Amapita pabwato, amalowa m'madzi mpaka m'khosi, amafufuza m'matope ndi mapazi ndi manja. Mwezi wathawu ng'ona inagwira mayi wina wa tsidya, anangopeza mpango wokha.

Sabata yatha ndinadzuka n'kupeza pakhomo pa amayi pali loko. Ndinafunsa ponseponse. Dzuwa lili pamutu ndinawaona akubwera kumbuyo kwa a Esinala, kathumba pamutu, matope mpaka m'tsitsi, miyendo ili magazi chifukwa cha misundu. Mayi Kompyuta! Zala zija zinkathamanga pa kiyibodi anthu n'kumachita kudzaonerera, zili zong'ambikang'ambika. Munthu woti kusambira sadziwa n'komwe.

Ndinakuwa, ndinalira, ndinadzigwetsa pansi ndi mimba yangayi. Ndinati amayi mukufuna mundiphe? Iwo anayala mphasa kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuyanika nyika yawo. Anati iyi ndi ya Mulungu, ilibe mpongozi. A Witness anamva zonse ali m'nyumba. Sakanatha kutuluka, sakanatha kunena kanthu. Ndinawapeza atagwira mutu ndi manja onse awiri.

Chipitireni tsiku limenelo amayi apitanso kudamboko, ndipo apitanso.

Atsibweni, ntchito ija yapita, sindikukupemphani kuti muibweze. Mukanabwera nthawi ija mwina bwenzi alongo anu ali pampando wawo, koma madzi akatayika saoleka, ndipo mlandu umenewo mukambirana ndi mtima wanu. Chimene ndikupempha ndi chaching'ono. Bwerani mudzawagwire dzanja, muwalowetse m'nyumba mwathu, adye.

Nkhuku ilipo, tambala wamkulu. Ufa ulipo, chimera cha thobwa ndanyika kale. Za ulendo a Witness akuti atumiza tsiku lomwe munganene. Ngati ndi pasipoti, anthu akudutsa pa Marka tsiku ndi tsiku ndi kapepala ka pachipata. Ngati ndi bondo, tikakuchingamirani ndi njinga yamoto. Ndinafunsa ngati wina angaimire inu, amayi anakana, akuti mlongo wawo ali moyo. Ndinafunsa ngati mungalankhule pa foni, akuti foni ilibe dzanja. Chasowa pakhomo pano ndi dzanja lanu lokha.

Ndipo chonde musandiuze kuti mvula ikatha. Mvula ikayamba Shire adzadzaza, dambo lidzakula, ng'ona zidzafika mpaka m'minda. Ine ndaika kale bambo ndi mchimwene. Sindikufuna kudzakuimbirani foni imene mudzaiyankhe.

Mundiperekere moni kwa akunyumba, kwa Imelda ndi Alick, muwauze kuti msuweni wawo amawakumbuka. A Witness akupereka moni mwaulemu. Princess akuti mudzamubweretsere nsapato zowala. Ambuye akusungeni, akupatseni mphamvu m'miyendo ndi kufewa mumtima.

Amayi ndawauza kuti ndikukulemberani, ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Akuti ndikuuzeni kuti musadzivute, akudziwa kuti kudoko ntchito ndi yambiri. Atatero andipempha kuti mawa ndiwadzutse m'mamawa, chifukwa bwato la a Esinala silidikira munthu.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Tiyamike